Amene anamanga mvula ya 2024 sakhala m'mudzi mwathu

Abale ndi alongo a m'miphakati ya kuno ku Mualadzi, ndi inu nonse a m'midzi ya m'mbali mwa msewu wopita ku Cassacatiza, pali nkhani imene timaikamba monong'ona pachitsime ndi pamaliro, koma pabwalo timaizemba. Lero tiyiike poyera.

M'mwezi wa Fevereiro chaka cha 2024, chimanga chathu chitangoyamba kumasula ngayaye, kumwamba kunayera ngati kuti ndi Agosto. Sabata yoyamba tinati ndi ng'amba ya nthawi zonse, ipita. Sabata yachiwiri masamba anayamba kupiringizika ngati a anyezi, ndipo amene ankalawirira kumunda ankabwerako osalankhula. Pofika sabata yachitatu mawu akale aja anayamba kuyenda khomo ndi khomo: alipo wamanga mvula. Monga zimakhalira nthawi zonse, chala sichinaloze mwini chigayo kapena mwini galimoto. Chinaloza agogo ena amasiye okhala okha kumalire kwa mudzi, a imvi mbuu, amene maso awo anafiira ndi utsi wa pamafuwa. Dzina lawo ndi la mudzi wawo sititchula. Amene munalipo mukudziwa. Palibe anawamenya, pamenepo tiyamike. Koma ana analetsedwa kukawatungira madzi, ndipo Lamulungu lotsatira benchi imene anakhalapo m'tchalitchi inali ndi malo a anthu anayi, pamene ena anaimirira kukhomo mpaka mapemphero kutha. Ifenso otsogolera mapemphero tinaona, tinawerenga Mthenga, ndipo sitinanene kanthu. Zimene tikulemba pano tinayenera kuzinena tsiku limenelo.

M'masabata omwewo kumwamba kunali koyera ku Katete ndi ku Petauke, ku Lusaka, ku Bulawayo, ku Chikwawa ndi ku Changara. Pa 29 Fevereiro 2024 mtsogoleri wa dziko la Zambia, a Hakainde Hichilema, analengeza kuti chilala chaika dziko lawo pa tsoka. Pa 23 Março a Lazarus Chakwera ananena zomwezo za maboma 23 mwa maboma 28 a Malawi. Pa 3 Abril a Emmerson Mnangagwa anatsatira ku Zimbabwe. Oyeza mvula anapeza kuti m'madera ambiri a maiko amenewa sipanakhalepo Fevereiro wouma chotero pa zaka zoposa 40. Madzi a m'damu la Kariba anatsika mpaka magetsi a ku Zambia ankazima maola ambiri pa tsiku, ndipo m'mwezi wa Maio bungwe la SADC linapempha thandizo la anthu oposa 60 miliyoni. Tsono tidzifunse mofatsa: kodi mayi wokalamba amene sathanso kusenza ndowa angamange mitambo ya maiko anayi? Ndipo ngati ku Zimbabwe analinso ndi agogo awo, ku Zambia awo, anapangana liti, pa lamya ya yani?

Ife tikuti mvula ija inamangidwadi, koma chimene chinaimanga si munthu, ndipo mbiri ya kubwera kwake inamveka miyezi 7 chimanga chisanafote. Tinalakwa pawiri: tinanamizira wosalakwa, ndipo uthenga woona sitinaumvere. Ziwirizi zimayendera limodzi, pakuti munthu wofunafuna mfiti m'mudzi alibe khutu la kumva zimene zikuchitika kunja kwa mudzi.

Tiyambe ndi kumene mvula yathu imachokera m'chaka chabwino. Dzuwa likafika pamutu pathu, cha m'Outubro ndi Novembro, nthaka imatentha, mpweya wotentha umakwera, ndipo mphepo zonyamula chinyezi zimathamangira kudzatenga malo ake, ina kuchokera kunyanja ya Índico, ina kuchokera ku nkhalango za Congo. Pamene mphepozi zakumana pamapangika lamba wautali wa mitambo, amene m'mabuku a kusukulu tinkamuwerenga kuti Zona de Convergência Intertropical. Lamba ameneyu amalondola dzuwa: amatsika kuchokera kumpoto, amakhala pa ife m'Dezembro, Janeiro ndi Fevereiro, kenaka amabwerera cha m'Março ndi Abril. Makolo athu ankazidziwa m'njira yawo, pakuti ankayembekezera mphepo ya mpoto asanatulutse mbewu, ndipo mwera ukabwerera ankadziwa kuti mvula yatsanzika. Mapiri nawo amagawa mosiyanitsa. Mzinda wa Tete, umene uli pansi m'chigwa cha Zambezi, umalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 600 pa chaka, pamene mitunda ya Angónia imalandira pafupifupi 1,000. Ife a kumtunda kuno tili mbali ya amwayi, n'chifukwa chake m'zaka zabwino chimanga chathu chimadyetsa ndi anthu akutali omwe. Koma lamba uja sakhala pamalo amodzi chaka chilichonse. Akasunthira pang'ono kumpoto kapena kum'mawa, ife timatsala padzuwa.

Chimene chimamusuntha kwambiri chili kuseri kwa dziko, pa nyanja ya Pacífico, makilomita oposa 10,000 kuchokera pano. M'zaka zambiri mphepo ya kumeneko imaomba kuchokera kum'mawa kupita kumadzulo, n'kumakankhira madzi ofunda a pamwamba kumbali ya Indonésia ndi Austrália, kumene amaunjikana ndi kubala mitambo yambiri. Kumbali ya Peru kumatumphuka madzi ozizira a pansi, odzala ndi tinsomba tonga usipa. Koma pakapita zaka 2 mpaka 7 mphepo ija imafooka, ndipo madzi ofunda aja amabwerera kum'mawa ngati madzi a m'beseni limene lapendekeka. Asodzi a ku Peru ndiwo anayamba kuzindikira zimenezi kalekale, poona kuti nyanja yafunda ndipo nsomba zasowa cha pa Khirisimasi. N'chifukwa chake anazitcha El Niño, ndiko kuti Mwana, ponena za Mwana Yesu amene kubadwa kwake ankakumbukira m'masiku omwewo. Dzinali ndi la pa kalendala chabe, wina asachoke pano n'kumati Mwana wa ku Betelehemu ndiye amaumitsa minda. Zinthu zikatembenuka, mphepo n'kulimba kuposa kale ndipo madzi a kum'mawa n'kuzizira kwambiri, amati La Niña, ndiko kuti Mtsikana.

Nanga madzi a kutsidya kwa dziko angaumitse bwanji munda wa ku Mualadzi? Mpweya wokuta dziko lonse ndi umodzi, ngati bulangete limodzi lofunda ana asanu pamphasa: wa kumapeto kuno akakoka, wa kumapeto uko amagona pamphepo. Mitambo ikasamukira pakati pa Pacífico, mpweya umene ukukwera kumeneko uyenera kukatsikira kwina, ndipo mpweya wotsika ndi wouma, umapondereza mitambo kuti isakule. Kum'mwera kwa Africa ndi amodzi mwa malo amene umatsikira. Mizere ya mitambo imene inayenera kudutsa pa ife imakankhidwira kunyanja, cha ku Madagascar, ndipo mvula yathu imakagwera nsomba. Izi si nkhambakamwa. Mngelezi wina, Gilbert Walker, amene ankayang'anira zanyengo ku India ndi kufufuza chimene chimalepheretsa mvula ya kumeneko, anaona m'zaka za m'ma 1920 kuti mpweya wa kum'mawa ndi wa kumadzulo kwa Pacífico umachita ngati sikelo, mbali ina ikakwera ina imatsika. Mu 1969 Jacob Bjerknes anasonyeza kuti sikelo imeneyi ndi kufunda kwa madzi a ku Peru ndi chinthu chimodzi. Ndipo mu 1994 Mark Cane ndi anzake anafalitsa kafukufuku wosonyeza kuti kutentha kwa madzi a kum'mawa kwa Pacífico kumalosera zokolola za chimanga cha ku Zimbabwe miyezi yambiri alimi asanakolole.

Komabe sitifunika kudalira mabuku okha, pakuti mimba zathu zikukumbukira mbiri yomweyo. Tiwerenge zaka zimene nkhokwe zinayera. Nyengo ya 1982/83 chilala chinakumana ndi nkhondo, ndipo anthu ambirimbiri anafa ndi njala kuno ku Tete, ku Gaza ndi ku Inhambane. Nyengo ya 1991/92 ambiri a ife amene tili m'zaka za m'ma 40 tinali ana, ena ku Ukwimi cha ku Petauke, ena m'misasa ya othawa nkhondo ku Malawi, ndipo sitiiwala nsima yachikasu ya chimanga chochokera kunja, imene amayi athu ankaiphika akudandaula fungo lake. Olemba mbiri ambiri amati chilala chimenecho chinafooketsa mbali zonse ziwiri za nkhondo n'kufulumizitsa mtendere umene unasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992. Nyengo ya 2015/16 boma lathu linalengeza chenjezo lofiira m'mwezi wa Abril 2016 chifukwa cha chilala cha kum'mwera ndi pakati pa dziko, anthu pafupifupi 1.5 miliyoni ali pa njala. Kenaka ndi iyi ya 2023/24. Nyengo zinayi zonsezi zinali za El Niño. Agogo amene tinawaloza chala mu 2024 anali mayi wa mwana kumsana mu 1983. Nanga ya chaka chimenecho anaimanga ndani?

Tikabwerera m'mbuyo kwambiri timapeza kuti chilala si mlendo m'dziko lino. Wolemba mbiri Malyn Newitt anafotokoza za chilala chachikulu cha pakati pa 1823 ndi 1831, chimene chinabwera pamodzi ndi dzombe, chinabalalitsa midzi ya m'chigwa cha Zambezi ndi kusiya maprazo ambiri ali mabwinja. Makolo athu Achewa sakanakhala ndi kachisi wa mvula ku Msinja, ndi Makewana wowapemphera kwa Chauta, zikanakhala kuti mvula inkagwa mokhulupirika chaka ndi chaka. Tikamati kale mvula sinkavuta, tikukumbukira zaka zokoma za ubwana wathu. Zowawa tinaziiwala, pakuti amene ankagona osatseka maso anali makolo.

Wina adzati: a Katekisiti, nanga 1997? Funso limeneli ndi loyenera, ndipo tisalizembe. El Niño wa 1997/98 anali mmodzi wa amphamvu kwambiri m'zaka 100 zapitazo. Mawailesi anachenjeza za chilala choopsa, alimi ena ku Zimbabwe anachepetsa minda, obwereketsa ndalama anaumira, koma mvula inagwa, ndipo chilala chimene chinkaopedwa sichinafike pamlingo umenewo. Amene anachita mantha n'kuleka kulima anataya. Mbali inanso, njala imene inapha anthu ku Malawi kumayambiriro kwa 2002 sinachokere kwa El Niño. Inayamba ndi mvula yochuluka ya 2001 imene inamiza chimanga m'minda, nkhokwe za boma zili zopanda kanthu. Choncho si El Niño aliyense amabala chilala, ndipo si njala iliyonse ndi ya El Niño.

Chifukwa chake n'chakuti Pacífico sakoka bulangete yekha. Nyanja ya Índico, imene ili pafupi nafe, nayo imafunda mbali imodzi ndi kuzizira mbali ina. Mbali ya kumadzulo, ya ku Kenya ndi Somália, ikafunda kuposa ya ku Indonésia, chinyezi chimakokedwera kum'mawa kwa Africa. Zinatero mu 1997, mu 2019 ndi mu 2023, ndipo zaka zonsezo kumeneko madzi anasefukira. N'chifukwa chake kumapeto kwa 2023 tinkamva pa wailesi za anthu omira ku Kenya pamene ife tinali kuyang'ana kumwamba. El Niño kawirikawiri amanyowetsa kum'mawa kwa Africa n'kuumitsa kum'mwera, ndipo malire a mbali ziwirizi amadutsa chakumpoto kwathu, cha kumpoto kwa Malawi, kumpoto kwa Moçambique ndi kum'mwera kwa Tanzania. Ife tili mbali youma ya malirewo, koma osati patali kwambiri. Chaka china malire akatsikira kuno timapulumuka, chaka china ayi.

Apa ndipo tiyenera kuphunzira kumva kalankhulidwe ka olosera zanyengo. Chaka chilichonse, cha m'Agosto kapena Setembro, akatswiri a maiko a SADC amakumana pamsonkhano wotchedwa SARCOF, umene unayamba mu 1997 ku Kadoma m'dziko la Zimbabwe. Pambuyo pake INAM, bungwe lathu la zanyengo, limalengeza za dziko lino chigawo ndi chigawo, ndipo Rádio Moçambique ya ku Tete, imene imaulutsanso m'Chinyanja, imatifikitsira. Akamati "normal com tendência para abaixo do normal" sakunena kuti mvula sigwa. Akunena kuti mwa zaka 100 zofanana ndi chimenecho, pafupifupi 40 zimakhala za mvula ya nthawi zonse, 35 za mvula yochepa, ndipo 25 zokha ndizo za mvula yambiri. Sakukuuzani tsiku limene mudzi wanu udzanyowa, ndipo sakudzitcha aneneri. Mawu awo ali ngati a m'busa wobwera kudambo n'kunena kuti waona mapazi a fisi. Fisi akapanda kubwera usiku umenewo palibe amatukwana m'busa, ndipo palibe amadandaula kuti anatseka mpata wa khola pachabe. Cholakwika cha 1997 sichinali kumvera chenjezo, koma kulimva ngati chigamulo.

Pali funso lina limene akuluakulu amafunsa, lakuti kodi mvula ikuchepa ndithu chaka ndi chaka. Yankho lake ndi lovutirapo, ndipo tisalikometse. Kafukufuku amene bungwe la INGC, limene lero ndi INGD, linatulutsa mu 2009 poyang'ana miyeso ya 1960 mpaka 2005 anapeza kuti kutentha kwakwera m'dziko muno, koma kuchuluka kwa mvula ya pa chaka sikunasonyeze njira imodzi yoonekeratu, popeza kusiyana kwa chaka ndi chinzake n'kwakukulu kwambiri. Chimene chinaoneka n'chakuti m'madera ena mvula ikuchedwa kuyamba ndipo ng'amba ikutalika. Lipoti la 2021 la akatswiri a maiko onse otchedwa IPCC linanena za chigawo chathu chino cha Africa kuti mvula yamphamvu yogwa nthawi yochepa ikuchuluka, ndiponso kuuma kwa nthaka kukuchuluka. Chaka cha 2024 chinali chotentha kuposa zaka zonse zimene zinayezedwa chisanafike. Mlimi amvetsa msanga tanthauzo lake, pakuti chimanga sichidya chiwerengero cha pa chaka. Mamilimita 900 ogwa pang'onopang'ono monga mvumbi ndi chakudya. Mamilimita 900 omwewo, theka lake litagwa m'masiku asanu n'kuthamangira ku Zambezi pamodzi ndi nthaka yathu, kenaka n'kubwera masabata atatu a dzuwa pa nthawi ya ngayaye ndi ndevu, ndi njala. Ndipo ng'amba ya masiku 15 pa kutentha kwa lero imaumitsa munda kuposa ng'amba ya masiku 15 ya m'nthawi ya makolo athu.

Tisasakanizenso zinthu. Gulu la akatswiri lotchedwa World Weather Attribution litafufuza chilala cha 2024 linapeza kuti gwero lake lalikulu linali El Niño, osati kutentha kwa dziko. Koma gulu lomwelo litafufuza namondwe Ana wa Janeiro 2022, amene anagwetsa mlatho wa pa Revúbuè ku Tete, linapeza kuti kutentha kwa dziko kunawonjezera mvula yake. Ana uja, ndi Freddy wa 2023 amene anagunda dziko lino kawiri n'kupha anthu mazanamazana kum'mwera kwa Malawi, anabwera m'zaka zitatu za La Niña, 2020 mpaka 2023. Tikamva kuti chaka chino ndi cha Mtsikana tisavine msanga: feteleza amakokoloka, fodya amaola m'chigafa, ndipo nyumba za zidina zimagwa.

Za mitengo tinene pang'ono. Timamva kuti mvula yathawa chifukwa tadula mitengo ya zigafa ndi ya makala. Mtengo wa m'phiri la kwathu sungaletse madzi a Pacífico kufunda. Koma mvula ikagwa, mitengo ndiyo imaigwira kuti ilowe pansi, ndipo dambo limasunga madzi mpaka Outubro. M'chaka cha chilala dimba ndilo limapulumutsa banja, ndipo dimba limadalira phiri la kumtunda kwake.

Tsopano tifike pamene pali chilonda. Pa 4 Julho 2023 bungwe la zanyengo la dziko lonse lapansi linalengeza kuti El Niño wayamba. M'Setembro olosera a chigawo chino anachenjeza za mvula yochepa. Kodi ife tinkachita chiyani m'Julho ndi m'Agosto 2023? Tinkagulitsa chimanga. Mavenda, ena ochokera kutsidya kwa malire kumene Freddy anali atawononga minda, anali atapachika masikelo pansi pa mitengo, ndipo ife tinkatulutsa m'nkhokwe thumba ndi thumba. Sitikudzudzula amene anagulitsa chifukwa cha mwana wodwala kapena ngongole. Umphawi suyang'ana kalendala. Tikunena za ife amene tinali ndi mpata wosankha, amene tinagulitsa kuti tigule njinga yamoto kapena malata owonjezera, chenjezo lili kale pa wailesi. Chimanga chomwecho tinakachigula chaka chotsatira pa mtengo umene tonse tikuukumbukira, ena titagulitsa mbuzi zonse, ena njinga yamoto yomwe ija.

Maganizo athu ndi akuti chaka cha mlimi wa ku Mualadzi chisamayambe m'Novembro, chiziyamba m'Julho. Pamenepo madzi a Pacífico amakhala atayamba kusonyeza kumene akulowera, ndipo pamenepo chimanga chikadali m'nkhokwe. Banja lililonse likudziwa matumba amene limadya pa chaka. Zikamveka kuti El Niño wayamba, bambo ndi mayi akhale pansi awiri, apatule a chaka chimodzi, awonjezerepo a miyezi ingapo, ndipo amenewo asakhudzidwe mpaka aone ndi maso awo kuti chimanga cha m'munda chakhwima m'Março. Tikudziwa za anankafumbwe. Matumba osalowa mpweya ndi mankhwala osungira chimanga ali ndi mtengo wake, koma ndi wochepa poyerekeza ndi thumba logula m'Janeiro. Mvula ikagwa bwino, chosungidwacho chidzagulitsidwa nthawi imene mtengo wakwera, ndipo palibe chatayika.

Kumunda nako, m'chaka chochenjezedwa tisaike moyo wa banja lonse pa mbewu imodzi yodzalidwa tsiku limodzi. Chizimalupsa si mvula yodzalira. Tidikire mpaka chinyezi chilowe pansi ndithu. Gawo lina la munda likhale la chimanga chocha msanga, ndipo tidzale pawiri, motalikitsa masabata awiri, kuti ng'amba ya Fevereiro isapeze munda wonse uli pa ngayaye. Mapira, khobwe, nandolo, chinangwa ndi mbatata, zimene tinayamba kuziona ngati chakudya cha osauka, zimapirira dzuwa limene chimanga sichipirira. Titseke mizere kuti madzi aime m'munda, ndipo mapesi tiphimbire nthaka m'malo mowatentha posaka mbewa. Alangizi a zaulimi a ku SDAE akudziwa mbewu zoyenera nthaka ino. Tiwafunse m'Setembro, osati chimanga chitafota. Tisabise kuti njira imeneyi ili ndi mtengo wake. Chimanga chocha msanga sichisinjika bwino ngati cha makolo, anankafumbwe amachikonda, ndipo m'chaka chimene chenjezo lapita pachabe, woyika zonse pa chimanga chokhalitsa adzakolola kuposa ife. Chaka chimenecho adzatiseka. Ife tikuti kusekedwa kotere n'kopiririka kuposa kuona ana akugona ndi mango owiritsa.

Chotsala ndi pempho kwa miphakati. Malo oyezera mvula a boma ndi ochepa ndi otalikirana, ndipo mvula ya ku Tete kapena ya ku Ulónguè si ya ku Mualadzi. Ife timadziwa kusunga mabuku, a ubatizo, a maukwati, a zopereka. Tchalitchi chilichonse chikhalenso ndi buku la mvula. Chofunika ndi chitini choongoka, chimene kukamwa kwake n'kofanana ndi pansi pake, choikidwa pa chipika pabwalo, kutali ndi denga ndi mitengo, ndiponso rula ya mwana wa sukulu. M'mawa uliwonse pa nthawi yomweyo wina ayeze kuya kwa madzi m'mamilimita, alembe tsiku, akhuthule. Tsiku lopanda mvula lilembedwenso, pakuti maziro amenewo ndiwo amasonyeza kutalika kwa ng'amba. Achinyamata okonzekera ulimbitso angasinthane ntchitoyi sabata ndi sabata. Pakatha zaka 10 tidzadziwa tokha, osati mongokumbukira, kuti mvula yodzalira imayamba liti kuno, ndi kuti ng'amba imakonda kugwa m'masabata ati. Zizindikiro za makolo, kubereka kwa mango ndi masuku, kubwera kwa anamzeze, kutembenuka kwa mphepo, tidzaziyesa pa buku lomwelo, ndipo zimene zidzapezeke zoona tidzazisunga ndi ulemu woposa wa lero. Ndipo munthu akadzayamba kunong'ona kuti alipo wamanga mvula, tidzatsekula buku n'kumusonyeza ng'amba yofanana ndi imeneyo m'chaka chimene sanaloze munthu chala.

Kupempherera mvula sitileka, ndipo palibe chimene talemba pano chikuletsa. Amene amayeza madzi a m'nyanja akuwerenga dongosolo limene analipeza liripo kale. Koma lamulo lachisanu ndi chitatu, limene timaphunzitsa ana athu asanalandire Ukaristia, silinena za bwalo la milandu lokha. Limakhudza ndi mawu oti "akuti" onenedwa pachitsime, limakhudza mayi woletsa mwana kunyamula ndowa, limakhudzanso mtsogoleri wa mapemphero woona benchi yopanda anthu n'kupitiriza kuwerenga.

Agogo aja akalipo. Amabwerabe Lamulungu lililonse, amakhala pa benchi yomweyo, ndipo anthu anayambanso kukhala nawo mvula ya nyengo yotsatira itagwa, ngati kuti palibe chinachitika. Palibe amene anapita kukapepesa, ngakhale ife. Tapangana ndi akuluakulu a mphakati umenewo kuti tipite Loweruka la pafupi ndi Lamulungu loyamba la Adventi, titanyamula ndowa ya ufa ndi nkhuku. Amene analetsa ana awo kutunga madzi tidzawadikira pa mtengo wa mango wa patchalitchi nthawi ya 7 koloko m'mawa.